Chipinda cha a Susana

Lilongwe
4 Malichi 2024

Okondedwa Azakhali a Veronika,

Muli bwanji kumeneko ku Msakambewa? Nanga amayi Susana, bondo lija likuwalola kupita kumunda? Ine ndili bwino, maphunziro akuyenda, kungoti nyemba za kukoleji kuno zidakali zomwe zija munazitcha miyala yophika.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Kuti muyankhe foni mumachita kukwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo mukayamba kulankhula parishi yonse imamva nawo. Nkhani iyi si ya pachulu. Ndapatsira a Mose a minibasi, ndawauza kuti akupatseni m'manja.

Mukudziwa kuti chaka chino ndine kaputeni wa timu ya netibolo. Tili ndi mtsikana wina dzina lake Luckness, kwawo ndi ku Ntchisi, wasewera nafe zaka ziwiri, ndiye amatimwetsera zigoli. Ndi wamtali, salankhulalankhula, ndipo mpira ukafika m'manja mwake pansi pa golo enafe timangotembenuka kubwerera pakati, podziwa kuti walowa kale.

Masabata awiri apitawo anasiya foni yake pabenchi tili kuyeserera. Thoko, amene amasewera pambali panga, anaitenga kuti aone nthawi, n'kuona zambiri kuposa nthawi. Munali mauthenga achikondi, Azakhali, ochokera kwa mtsikana mnzake. Luckness sanakane. Anangolanda foni yake n'kunena kuti, "Mwawerenga nokha, mukufunanso ndikuwerengereni?"

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zasokonekera. Mnzake wa m'chipinda anasamuka. Botolo la madzi lomwe timamwera tonse, akamwako iye palibe alikhudzanso. Choipitsitsa n'chakuti pabwalo sakumuponyera mpira. Amaima pansi pa golo manja ali m'mwamba ngati akupempha mvula, mpira n'kumazungulira kwina. Tagonja kawiri motsatizana, kachiwirika kwa timu yomwe chaka chatha tinaichinya mpaka kuimvera chisoni.

Tsopano atsikana andituma. Pa 5 Epulo ndiyenera kupereka kwa kochi mayina khumi ndi awiri a opita ku mpikisano wa makoleji, ndipo akufuna dzina la Luckness lisakhalepo. Kochi wathu akuti za atsikana salowamo, iye angolandira pepala.

Inu ndinu munandilera, mwaimba kwaya ya parishi zaka makumi atatu, ndipo palibe amene amadziwa kuuza munthu mawu owawa kuposa inu. Ndithandizeni mawu oti ndimuuze Luckness, omveka aulemu.

Ngati m'chipinda cha amayi Susana mudakali matumba a mtedza wa chaka chatha, munditumizireko pang'ono.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike

*

Msakambewa, Dowa
10 Malichi 2024

Iwe Tiyamike,

Kalata yako yafika. Tili bwino. Bondo la anjira anga a Susana limawawa tsiku lopalira lokha, tsiku la msika limachira mozizwitsa. Tili pakati posoka fodya, chigafa chatsala pang'ono kudzaza.

Ndiyambe ndi kudandaula. Ndinakuphunzitsa kulemba kalata uli Sitandade 4. Ndadikira zaka zonsezi kuti tsiku lina undilembere, ndipo kalata yoyamba ikundipempha kuti ndikunolere mpeni. Zikomo kwambiri. Enanso azakhali awo amawapempha malangizo a banja, ine akundilemba ntchito yozinga nkhuku.

Ndilole ndifunse mafunso, poti mphunzitsi wopuma palibe amamufunsa kanthu. Loyamba ndi la botolo. Atsikana khumi ndi awiri a kukoleji, ena mwa inu a sayansi, mwatulukira matenda oyenda pa botolo la madzi. Mwawalemba m'buku liti kuti dziko lipindule? Mwana ameneyo wamwera botolo lomwelo zaka ziwiri. Zikanakhala zopatsirana bwenzi pano timu yonse ikulemberana mauthenga, ndipo mwina bwenzi mukuwinanso.

Lachiwiri ndi la Thoko. Mtsikana amene amaona nthawi pa mafoni a eni ake ndi wofunika kumupezera wotchi mwamsanga, asanaone nthawi pa foni ya kochi.

Ine ntchemberembaye ndinasewera ku yunivesite iwe usanalotedwe, titavala masiketi obisa mawondo, ndipo lamulo linali limodzi: mpira umapita kwa amene ali poyera. Sitinkafunsa kuti kodi akuyenda ndi ndani. Tikanafunsa, theka la timu likanakhala pabenchi chifukwa cha amuna a eni.

Pachigafa pano pali amayi awiri amene sanapatsane moni chiyambire 2019, nkhani yake ya mbuzi. Dzulo wina amapereka masamba, wina akusoka, tsiku lonse, nkhope zitayang'ana kwina. Fodya sadikira kuti anthu akhululukirane, amafota. Ndinkayesa a kukoleji mungapose amayi a pachigafa.

Mawu oti umuuze ndilibe lero. Ndikuganiza. Mtedza ndapatsira a Mose, ndawerenga kuti asadye m'njira. Undiuze, mayeso ayamba liti?

Azakhali ako,
V.

*

Lilongwe
17 Malichi 2024

Azakhali,

Moni kwa inu ndi amayi Susana. Mtedza wafika, a Mose akuti sanadye, makoko ali m'galimoto mwawo akuti ndi a munthu wina.

Ndaseka powerenga kalata yanu, koma simunandiyankhe. Mwazungulira ngati mpira wathu uja. Kuno si nkhani yoseketsa ayi.

Atsikanawa si oipa onse, ndipo saganiza chimodzimodzi. Thoko akuti ndi tchimo basi, ndipo akuti kugonja kwathuku ndi chilango. Nditamuuza kuti tinkawina pamene tchimolo linalipo kale koma sitikulidziwa, anati Mulungu ankatilezera mtima. Hana, wotchinga kumbuyo, akuti iye zilibe naye ntchito, munthu aziyenda ndi amene akufuna, koma akuopa za m'chipinda chosinthira zovala. Ndinamufunsa ngati Luckness anamuyang'anapo molakwika zaka ziwiri zonsezi. Anati ayi, ndipo anaoneka ngati zamuwawa pang'ono. Ena ambiri akungoopa kunenedwa. Anyamata a mpira wamiyendo ayamba kale kutikuwiza tikamadutsa, akuti timu ya azibambo. Iwowo amagona anayi pabedi limodzi akapita kukasewera kutali, koma za iwo palibe amanena.

Palinso mantha enieni. Nkhani ngati iyi ikakula itha kufika kwa akuluakulu a koleji, ngakhale kupolisi kumene. Ena akuti kumuchotsa mwakachetechete ndi kumuthandiza.

Ndivomere chinthu chimodzi. Lachitatu ndinali ndi mpira, Luckness ali poyera, wondilonda atagwa. Ndinamuona. Ndinaponyera Thoko amene anali ndi anthu awiri. Titamaliza, Luckness anandipeza ndikumasula nsapato n'kunena kuti, "Kaputeni, ena aja sindidabwa nawo. Iweyo unandiyang'ana kaye."

Ndimaganiza za inu ndi amayi Susana. Mwakhala nyumba imodzi zaka zoposa makumi atatu, amayi awiri opanda amuna, koma palibe ananenapo kanthu, chifukwa aliyense akudziwa kuti ndinu anjira, chibwenzi choyera cha makolo athu. Bwanji atsikana a masiku ano sangamakondane choncho mwaulemu, osafika ku zinazi? Ndikanakonda Luckness akanaona chitsanzo chanu.

Ndiyankheni molunjika. Mukanakhala ine, dzinalo mukanalilemba kapena ayi?

Tiyamike

*

Lilongwe
30 Malichi 2024

Azakhali,

Muli bwanji? A Mose ndawadikira pa depoti kanayi. Akuti kalata anakupatsani m'manja, munaiwerengera pakhomo pomwepo, n'kulowa m'nyumba osawatsanzika. Akuti zimenezo sanazionepo, nthawi zonse mumayamba mwawanyoza kaye za matayala.

Ndamva. Ndinalakwa kuika dzina lanu ndi la amayi Susana m'kalata imodzi ndi nkhani yonyansa ngati ija, makamaka nyengo ino ya Lenti. Mundikhululukire. Kukhala chete kwanu ndi yankho lokwanira. Lachisanu likubwerali ndipereka mayina popanda Luckness, ndipo sindidzatchulanso nkhaniyi.

Pasaka wabwino. Fodya wauma bwino?

Tiyamike

*

Msakambewa
1 Epulo 2024

Mwana wanga Tiya,

Ndine Susana. Moni. Bondo lilipo, fodya wauma, nkhuku ija yaswa asanu ndi anayi.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndiye ukapeza zolakwika uzingodumpha. Ndalemba chifukwa azakhali ako alephera. Alemba makalata asanu, onse ndayatsira mbaula. Lachisanu Loyera analakwitsa nyimbo imene aimba zaka makumi atatu. Kalata yako yomalizayi itafika Lamulungu, anakakhala kuchigafa mpaka ndiwo zinazizira.

Sanakwiye nawe. Mvera.

Mu 1991 ine ndinkaphika pa sukulu ya mishoni. Mwamuna amene anandikwatira anapita ku esiteti ku Kasungu, sanabwerenso, ndipo sindinamufunefune. Azakhali ako anabwera kudzaphunzitsa, ali ndi sutikesi ya mabuku ndi pakamwa pawo paja. Tsiku loyamba anati ndiwo zanga zachepa mchere. Ndinawapatsa chikombe kuti aphike okha. Anapsereza. Mawa lake anabwera kudzapepesa, ndipo chiyambire sindinawamvenso akupepesa munthu.

Patatha chaka ndinawapititsira chitenje ndi mbale ya nsinjiro pamaso pa amayi a m'mudzi. Iwo anabweza ambulera ndi sopo. Amayi analuluta. Kuyambira pamenepo ndife anjira. Chinjira ndi chinthu chabwino, Tiya. Anjira amathandizana pamaliro, amadwazikana, akhoza kukhala khomo limodzi, ndipo anthu amangoyamika. Palibe amafunsa.

Pomanga nyumba tinaika zipinda ziwiri, china n'kuchitcha changa. Mayi ako atamwalira unabwera uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tinakugoneka mmenemo. Unagonamo zaka khumi ndi ziwiri. Utachoka tinaikamo mtedza. Mpaka lero umachitchula kuti chipinda cha amayi Susana. Iwe wophunzira iwe, ine ndinkagona kuti?

Sindikuuza zambiri. Zimene Thoko anawerenga pa foni ija, kusiyana kwake n'kwakuti ife tinalibe foni.

Ndikuganiza kuti ena m'mudzi muno akudziwa. Bambo ako akudziwa. Sananenepo kanthu, amangobwera kudzatifolerera chigafa chaka ndi chaka. Za Mulungu ndimakamba naye ndekha, ndipo sitinamalize.

Azakhali ako saopa ansembe, saopa njoka, anakalipirapo woyendera sukulu mpaka anaiwala chipewa. Koma akuopa iwe. Akuti ukadziwa sudzabweranso pa holide. Mawu aja oti nkhani yonyansa anawawerenga kangapo.

Za mayina sindikuuza chochita, mpira wanuwo sindiudziwa. Ndingoti ife tinali ndi chitenje chobisalamo. Mwana wa eni akeyo alibe.

Ukawerenga uwotche.

Mayi ako,
Susana

Ndaigwira kalatayi asanaimate. Ndakonza zolakwika khumi ndi zisanu ndi ziwiri za kalembedwe. Ndiwo zija zinalidi zochepa mchere. Zina zonse n'zoona. V.

*

Lilongwe
15 Epulo 2024

Okondedwa Azakhali ndi Amayi,

Muli bwanji nonse awiri? Anapiye aja alipo onse?

Kalata inafika Lachitatu. Ndinaiwerengera kuseri kwa laibulale, kenako ndinakhala pamwala n'kuyamba kuwerenga mabedi a m'nyumba mwathu. Ndinapeza awiri. Anthu tinali atatu. Ndinabwereza, yankho silinasinthe. Ine amene munkandinyadira kuti ndimakhoza masamu. M'mawa uliwonse ndinkakubweretserani madzi osamba kumaso pakhomo la chipinda chimodzi, mabeseni awiri, osaganiza kanthu.

Mawu aja ndinalemba, sindingawafufute poti munawawerenga kale. Ndinawanena za anthu amene ndimayesa sindikuwadziwa, osadziwa kuti ndi amene anandiphunzitsa kumanga zingwe za nsapato. Pepani, Azakhali. Pepani, Amayi. Sindinena kuti zonse ndazimvetsa, m'mutu mwanga mudakali phokoso. Kalata ndinawotcha.

Lachisanu ndinapereka mayina khumi ndi awiri, la Luckness lili pamwamba. Atsikana sindinawauze za kwathu, musaope. Ndinangowauza za amayi a pachigafa aja ndi mbuzi yawo. Ndinati amene sakufuna botolo abweretse lake, koma amene sakufuna kuponya mpira kwa munthu amene ali poyera akhale pabenchi, chifukwa ine ndatopa ndi kugonja. Awiri anachoka, sanabwerenso. Thoko anati andipempherera. Ndinamuuza kuti azipemphera akuthamanga.

Mpikisano unali Loweruka lapitali. Mpira woyamba weniweni ndinauponyera Luckness. Unamumenya pachifuwa n'kugwa pansi. Anali atazolowera kukweza manja mongokwaniritsa mwambo, sanayembekeze kuti kubwera kanthu. Anandiyang'ana, ine n'kumuuza kuti, "Ubwera wina, dzuka." Wachiwiri anagwira, ndipo kuyambira pamenepo sanaphonye mpaka theka la masewero.

Thoko anapirira magawo awiri osamuponyera. M'gawo lachitatu anamupanikiza anthu awiri, ine ndili kutali, ndipo mukudziwa kuti mpira sukhala m'manja kupitirira masekondi atatu. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana kwa woimbira mpira, n'kuponyera Luckness nkhope ili kumbali. Chigoli. Lamulo la masekondi atatu linachita zimene ine ndinalephera mwezi wonse. Masewero atatha anandiuza kuti sanaponyere munthu, anaponyera malo.

Tinafika ndime yachiwiri kwa yomaliza, n'kugonja ndi zigoli zitatu. Hana wayambanso kumwera botolo lija. Thoko anagula lake, lalikulu, lolembedwa vesi.

Koma pali vuto. Mmodzi mwa awiri anachoka aja ndi wa ku Ntchisi komweko, ndipo nkhani yafika kwawo kwa Luckness. Amalume ake atumiza uthenga kuti pa holide ya Meyi asaponde pakhomo. Iye akuti akhala kuno yekha, koma zipinda amatseka. Sindinamuuze chilichonse cha inu ndipo sindimuuza. Ndingopempha: kodi ndingabwere naye?

Mwaona kuti ndati ndingabwere naye. Ine ndiye ndikubwera, kaya mukufuna kaya ayi.

Mwana wanu,
Tiyamike

*

Msakambewa
21 Epulo 2024

Iwe Tiyamike,

Tili bwino. Anapiye atsala asanu ndi awiri, kabawi akudziwa za enawo.

Zigoli zitatu. Mwavutitsa a Mose, mwandiwotchetsa makalata asanu, mwaulutsa chinsinsi cha zaka makumi atatu ndi zitatu, kuti mukagonje ndi zigoli zitatu. Nthawi yathu tikanabwerako ndi chikho, masiketi aatali omwewo.

Za mabedi ndakhumudwa kwambiri, osati monga azakhali ako koma monga mphunzitsi. Atatu kuchotsera awiri ndi samu ya Sitandade 1. Ndauza anjira anga kuti mwina kukoleji kumeneko tikuwononga mwana. Iwo akuti ndisiye kukunyoza chifukwa ndinalira powerenga kalata yako. Limenelo ndi bodza. Tinali kusankha fodya, ndipo fumbi lake umalidziwa.

Kupepesa kwako ndalandira. Usabwerezenso, m'banja muno wopepesa amakhala mmodzi pa zaka makumi atatu, ndipo malo a ulendo uno watha iwe.

Thoko usamutaye. Munthu amene angaponyere malo lero, mawa akhoza kuona kuti pamalopo paima munthu. Zikalephereka, masekondi atatu alipo.

Luckness abwere. Umuuze kuti kuno kulibe hotela. M'chipinda cha a Susana muli matumba khumi ndi anayi a mtedza wosasenda, ndipo watsopano tiyamba kukumba mwezi wamawa. Akafuna pogona asende. Poti akuti ndi wamtali, adzatipachikiranso fodya wotsala pamwamba pa chigafa, bambo ako msana wawakana. Lamulungu tonse kutchalitchi, ndipo ngati mawu ali nawo aimba nawo kwaya. Ofunsa tidzawauza kuti ndi mnzako wa kusukulu, zomwe n'zoona. Zoti adziwe za ife kapena ayi, usatiyankhire. Ngati amadziwa kuwerenga mabedi, adzakuposa tsiku loyamba.

Munyamule sopo wanu. Ubwerenso ndi botolo lija, ndikufuna ndimwereko, tione ngati pali chimene lingawonjezere.

Azakhali ako,
V.